Mmene tinakwerera phiri la Mangochi tili anthu 7

Ndakhala pa boma la Mangochi zaka zambiri, koma mlendo akabwera ndinkangodziwa kupita naye kunyanja basi. Phiri lija timaliona kum'mawa tikaima pa mlatho wa Bakili Muluzi ndinali ndisanaliponde. Chaka chatha ndinatsimikiza mtima, ndipo ndilongosola mmene tinayendera kuti wina akafuna asavutike ngati ife.

Choyamba chinali anthu. Nditaika nkhaniyi pa gulu lathu la WhatsApp, anthu 19 anati apita. Ndinapempha mnzathu wina wamkazi kuti akhale msungichuma, tinagwirizana tsiku lotseka, ndipo tinati wosatumiza ndalama yake pa Airtel Money kapena Mpamba pofika tsikulo watsala. Tinatsala 7. Ena anakhumudwa, koma ndimaonabe kuti tinachita bwino. Anthu 7 mumakwana m'galimoto imodzi, mumamvana mukaitanana m'tchire, ndipo wina akatopa nonse mumamuona.

Kenako chilolezo. Ambiri amaganiza kuti phiri ndi la aliyense, ungofika n'kuyamba kukwera. Ayi. Phirili lili m'nkhalango yotetezedwa ya Mangochi, yomwe kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks pamodzi ndi paki ya Liwonde. Njovu zimayenda pakati pa malo awiriwa, choncho kulowa mwachisawawa n'kudziputira ngozi. Tinaimba foni kudakali masabata awiri, tinanena tsiku ndi chiwerengero chathu, ndipo tinafunsa za malipiro ndi za munthu wotiperekeza. Funsani nokha musananyamuke, chifukwa zotere zimasintha.

Tsiku tinasankha Loweruka la mu July. Nthawi ya dzinja njira zimaterera, ndipo kuyambira September utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa, osaona patali. Lachisanu tinalipewa dala: dera la Namwera ambiri ndi Asilamu, ndipo si ulemu kupempha munthu kuti akuperekezeni kuphiri pa tsiku la swala ya Ijuma. Nkhani ya kamba tinaiganiziranso motero. Nkhuku zathu anazinga ndi mnzathu wachisilamu kuti aliyense adye ndi mtima umodzi, ndipo tinaonjeza mbatata yophika, chigumu ndi thobwa.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa, kuwoloka Shire, n'kutsata msewu wa M3 wopita ku Namwera ndi ku Chiponde. Pa zitunda za Chowe m'pamene ulendo unayamba kukoma. Msewu umakhotakhota ukukwera, makutu amatseka, ndipo kutentha kwa pa boma kumatsala m'munsi. Ndinapempha woyendetsa kuti, "Adalaivala, mukapeza pabwino tiimeko pang'ono." Anaima pamalo otakasuka, osati pakona. Titacheuka tinaona Shire akutuluka m'nyanja ya Malawi, kudutsa tauni yathu ngati ulusi, n'kukalowa mu Malombe. Zaka zonsezi ndimadziwa kuti tili pakati pa nyanja ziwiri, koma kuziona ndi maso zonse pamodzi kunandikhudza kwambiri. Mphepo ya mwera inali itavuta, ndipo amene ananyoza juzi anabwereka zitenje.

Titasiya tala tinalowa msewu wafumbi mpaka pamudzi wa m'tsinde mwa phiri. Apa musathamange. Tinayamba tapita kukalonjera a mfumu, n'kunena kumene tachokera ndi chimene tadzera. Chiyao changa n'chochepa, koma "Ajimwiche uli?" yekhayo anatitsegulira nkhope. Galimoto tinaisiya m'manja mwa anthu a pamudzipo.

Wotiperekeza anatiika pamzere, iye patsogolo, woyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwake, ine kumapeto. Anatichenjeza za chitedze, chomwe nyengo imeneyi chimakhala chitakhwima. Mnyamata wathu wina anagwira chingwe cha mtengo pofuna kudzikoka, ndipo anakanda mkono mpaka kumtunda. Wina anabwera atavala masilipasi ngakhale tinanena za nsapato zotseka; pofika pakati chingwe chinaduka, tinachita kumanga ndi luzi. Madzi ndiye cholakwa changa. Ndinati botolo limodzi aliyense likwana poti kukuzizira, koma chitunda chimamwetsa madzi ngakhale mu July. Tengani malita awiri aliyense.

Pamwamba pali malo athyathyathya, ndipo m'kati mwa udzu ndi mitengo mumatulukira makoma a miyala. Apa panali mudzi wa mfumu Jalasi ya Ayao, yomwe azungu ankailemba kuti Zarafi. Mu 1892 anthu ake anabweza asilikali a boma la atsamunda, koma mu 1895 anagonjetsedwa ndipo mfumuyo inathawira ku Mozambique. Angelezi anamanga linga lawo pomwepo mu 1897, ndilo Fort Mangochi. Wotiperekeza sanabise kuti m'derali munkadutsa malonda a akapolo opita kugombe la nyanja ya mchere, komanso sanalole kuti tiiwale kuti awa anali kwawo kwa anthu. Mayi wina wa m'gulu lathu, yemwe kuchimuna kwake ndi kwa Jalasi, anakhala pamwala osayankhula. Kenako anati, "Achimwene, ana athu amaphunzira izi m'buku pomwe malo ake ali pakhomo." Sindinamuyankhe, chifukwa anga omwe sindinabwere nawo.

Tinadya, tinatola mapepala ndi mabotolo athu onse, ndipo 1 koloko tinayamba kutsika. Musachedwe pamwamba: mu July dzuwa limalowa msanga, ndipo kutsika kumapweteka mawondo kuposa kukwera. Wotiperekeza tinamuthokoza ndi kangachepe komwe tinakonzeratu m'thumba la gulu, osati kosonkha pamaso pake.

Chotsala chinali Chowe. Ndinali nditapangana ndi adalaivala kuti sitidzatsika zitunda zimenezo usiku, ndiponso sitikweza munthu kapena matumba a chimanga panjira. Anatsika ndi giya yoyenda pang'onopang'ono, osadalira mabuleki okha, ndipo tinawoloka mlatho asodzi akukankha mabwato awo a madzulo. Msungichuma anawerenga ndalama zotsala tili m'galimoto momwemo, n'kubwezera aliyense yake tisanatsike.