Kuzindikira boti pomvera phokoso lake pansi pa madzi a Shire

Asilikali apamadzi amazindikira sitima yankhondo osaiona. Amatchera khutu pansi pa madzi iwo osatulutsa phokoso lililonse, njira yotchedwa passive sonar. Ine ndimachita zomwezo ndi maboti a injini owolotsa anthu pa Shire kuno ku Nsanje.

Ndimatenga piezo (kachitsulo kozungulira kosandutsa kunjenjemera kukhala mphamvu ya magetsi) ya mamilimita 27, kuilumikiza ku waya wa maikolofoni wotalika mamita 5, n'kuimata ndi guluu wolimba wa epoxy mbali zonse. Pakatsala kabowo, madzi amalowa ndipo mumangomva kulira kwa magetsi. Pakati pa piezo ndi chojambulira mawu pamafunika preamp, kachipangizo kokweza mphamvu ya mawu, apo ayi mawu otsika amatayika, pomwe ndi omwe tikufuna.

Ndimamangirira mwala n'kuitsitsa mita imodzi, pomwe madzi sakuthamanga. Pa mkokomo waya amanjenjemera, mchenga n'kumawomba piezo. Namasupuni akakola waya, yambaninso. Khalani m'boti kapena pamtunda wokwera, ng'ona za kuno sizicheza.

Ndimajambula mphindi ziwiri boti likuyenda liwiro limodzi, kenako ndimatsegula mawuwo mu pulogalamu ya pakompyuta ya Audacity, pa spectrogram (chithunzi choonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu), n'kuika window size pa 16384. Mizere yopingasa imaoneka, ndipo apa ndi pamene pali ntchito.

Tiyerekeze injini ya two-stroke (yomwe silinda iliyonse imaphulika kamodzi pa kuzungulira kulikonse) ya masilinda awiri ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi. Ndiko ka 83 pa sekondi, ndipo pophulika kawiri pa kuzungulira kulikonse imasiya mzere pa 167 Hz (ndiko kuti ka 167 pa sekondi). Ngati giya yake ndi 2.08, kutanthauza kuti injini imazungulira ka 2.08 pulopela ikazungulira kamodzi, pulopela imazungulira ka 40 pa sekondi. Mapiko atatu a pulopelayo amapereka 120 Hz. Woyendetsa akawonjezera moto mizere yonse imakwera, koma mukagawa wina ndi unzake yankho silisintha. Muzilemba yankholo, osati manambala okha.

Zimenezi zimangokuuzani mtundu wa injini. Boti lenilenilo limadziwika ndi zilema zake. Phiko limodzi likapindika pa mchenga, mzere wa 40 Hz umakula kuposa wa maboti ena, ndipo sutha mpaka mwini wake atasintha pulopela. Sitima zankhondo nazonso zimadziwika ndi phokoso la mapampu, magiya ndi majenereta: za ku America zimasiya mzere wa 60 Hz, zambiri za ku Russia wa 50 Hz.

Kujambula kamodzi sikokwanira. Boti lililonse ndimalijambula lodzaza ndi lopanda katundu, ndikulemba mtundu wake ndi tsiku, chifukwa matumba a chimanga amalemetsa injini, mizere n'kutsika.