Sabata ya maulendo a kuzilumba za Bazaruto

Ofesi yathu ili ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, kutali ndi nyanja iliyonse, koma ntchito yanga yambiri ndi ya maboti. Ndimakonzera anthu maulendo opita ku Vilanculos m'dziko la Mozambique. Ambiri chomwe amafuna kumeneko ndi tsiku limodzi lozungulira zilumba za Bazaruto: kukwera boti m'mawa, kuima apa ndi apo, kudya nsomba yootcha pamchenga, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Lolemba kunabwera amayi awiri, nthumwi za gulu la chipereganyu la Amalawi a ku Cosmo City. Asonkha ndalama chaka chathunthu ndipo akuti ulendo uno akufuna nyanja yamchere. Wamkuluyo anatulutsa kope ndi cholembera.

"Mwananga, tiuzeni ola lonyamukira botilo, tilembe papulogalamu."

"Mayi, ola silili m'manja mwanga. Mundipatse kaye tsiku, ndione kuti madzi adzadzaza liti."

Anandiyang'ana ngati ndikuwazemba. Sindinawaone cholakwa. Ife tinakulira pa nyanja yomwe madzi ake ukawasiya pamwala m'mawa umawapeza pomwepo madzulo. Ku Cape Maclear ukafuna kupita ku Thumbi kapena ku Domwe, chokuletsa ndi mwera basi. Ku Vilanculos madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, amaphwa kwambiri, moti maboti amatsala atagona pamchenga ndipo okwera amayenda mtunda asanawapeze madzi. Pakati pa gombe ndi zilumbazo pali mitunda yamchenga yobisika pansi pa madzi, woyendetsa boti amachita kuilambalala. Ndinawaonetsa tebulo la madzi pakompyuta, tinasankha tsiku, kenaka ola linapezeka lokha.

Lachiwiri linathera m'mapasipoti. Ntchito iyi ndi yosasangalatsa koma sindiidumpha. Munthu amene chilolezo chake chokhalira muno chinatha, akafika potulukira pa bwalo la ndege la OR Tambo kapena pa chipata cha m'malire cha Lebombo, amamulemba kuti ndi wosafunika m'dziko muno, ndipo chiletsocho chikhoza kufika zaka zisanu. Wina m'gulumo anali ndi vuto limeneli. Ndinamuimbira payekha, osati pagulu la WhatsApp, ndipo tinagwirizana kuti ayambe wakonza mapepala ake.

Lachitatu ndiye ndinasangalala. Ndinakhala nthawi yaitali pafoni ndi bambo amene amatsogolera alendo athu kumeneko, iwo Chingerezi chothyokathyoka, ine Chipwitikizi chosokosa. Amayi aja anali atalemba zilumba zonse zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Bamboyo anangoseka. Santa Carolina, komwe kuli mabwinja a hotela yakale, ili patali kumpoto ndipo imafuna tsiku lakelake. Magaruque ili pafupi ndi tauni, ndi komwe ngalawa zamatanga zimakonda kupita, madzi ake ndi abwino kwa anthu osadziwa kusambira. Koma gulu lofuna kuona zambiri timalikweza boti lainjini: kuyamba ndi Two Mile Reef, matanthwe a pansi pa nyanja, kukaona nsomba ndi makorali atavala magalasi osambirira, kukwera phiri lamchenga la kumwera kwa Bazaruto, nkhomaliro pompo, ndipo pobwerera kuima pang'ono pa Benguerra ngati madzi alola. Ine ndimakana kuunjika zilumba zambiri patsiku limodzi. Munthu amabwerako atangoona nsana wa woyendetsa boti, msana wakenso ukuwawa ndi mafunde.

Amayi aja ndinawakumbutsanso za ndalama yolowera, poti derali ndi malo otetezedwa kuyambira mu 1971, ndipo kuchokera mu 2017 boma la Mozambique likuliyendetsa mothandizana ndi African Parks, bungwe lomwe lija la ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Atamva zimenezi amayi wamkulu uja anati, "Ndiye kuti ndi abale athu." Ndalamayo anaivomera mosavuta.

Lachinayi mphepo inaomba kuchokera kumwera. Banja lina lomwe linali kale ku Vilanculos silinathe kukwera boti, ndipo bambo wake anandikalipira ngati mphepoyo ndaituma ndine. Ndinawasunthira Loweruka. N'chifukwa chake ndimalangiza aliyense kuti ulendo wa boti auike kumayambiriro kwa tchuthi, kuti kukaipa pakhale tsiku lina. Ofuna kupita mu January, February kapena March ndimawauza mosabisa kuti ndi nyengo ya anamondwe. Favio anaononga tauniyi mu February 2007. Freddy, asanatilize kwathu ku Blantyre ndi Mulanje mu March 2023, anayamba wagwera kufupi ndi Vilanculos mwezi wa February. Mmalawi ukamutchulira Freddy safunsanso zambiri.

Lachisanu mmodzi wa amayi aja anatumiza chithunzi cha dugong, nyama yam'madzi yodya udzu wapansi pa nyanja, n'kufunsa ngati ili pamtengo womwe alipira. Bazaruto ndi malo amodzi mwa ochepa kugombe la kum'mawa kwa Africa komwe nyamazi zatsala zochulukirapo, koma ndi zamanyazi, ndipo sindilonjeza munthu kuti akaiona. Zomwe ndinalonjeza ndi jekete yoyandamitsa kwa aliyense, denga lamthunzi paboti, ndi madzi akumwa okwanira. Ndinawauzanso kuti akaonane ndi adokotala za mankhwala a malungo. Anakana, ati iwo ndi a ku Nsanje, udzudzu amaudziwa. Ndinawayankha kuti thupi likakhalitsa ku Joni kuno limaiwala, chitetezo chija chimatha.

Madzulo ake ndinatumiza mayina kwa a ndege ya Airlink, ulendo wosakwana maola awiri kuchokera pa OR Tambo. Ndili mu takisi ya ku Bree foni inaliranso: amayi aja akufunsa ngati ophika a paboti angalole kuti ufa abwere nawo okha, poti mpunga ndi nkhanu sizingawasunge mpaka madzulo. Mtsogoleri uja wavomera, bola mthiko atenge wawo.