Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: null inandisowetsa tulo masiku awiri

Gawo lapita lija ndinasiyira pomwe ndinali nditangoyamba kumene ntchito yolemba ma pulogalamu ndi chiyankhulo cha C#, ndili kamwana pa timu, aliyense nkumandituma. Lero ndikuuzeni za bug (cholakwika cha mu pulogalamu) imodzi yomwe mpaka pano ndikaikumbukira ndimaseka ndekha, koma nthawi imeneyo kunalibe zoseka.

Tinkapanga app ya pa Windows ndi WPF ndipo tinkagwiritsa ntchito library ya ReactiveUI, yomwe imathandiza kuti skrini izisintha yokha data ikasintha. Ntchito yomwe anandipatsa inali yophweka, mwina nchifukwa chake anapatsa ine: munthu akasankha kasitomala pa list, pambali pazioneka mzinda womwe amakhala. Zinthu zake zinali ngati unyolo, mu Customer muli Address, mu Address muli City. Ine ndinangolemba mzere umodzi, this.WhenAnyValue(x => x.Customer.Address.City), woti uzimvetsera mzindawo ukasintha, nkulumikiza ku label (pomwe mawu amaonekera pa skrini), ndinayesa makasitomala atatu anayi mzinda ukusintha bwinobwino, basi ndinatumiza code ndikudzimva kuti ndine dolo.

Patapita masiku angapo mayi wina yemwe ankatesta app anabwera pomwe ndinakhala. Akuti achimwene, kasitomala uyu alibe adiresi mu database, nanga mzinda uwu ukuchokera kuti? Kuyang'ana, zoonadi, unali mzinda wa kasitomala amene anasankhidwa poyamba uja, wakakamira pa skrini ngati nkhupakupa. Error palibe, app siikugwa, mu log muli zii.

Ndinayamba kukayikira RaiseAndSetIfChanged, yomwe imalengeza kuti property (monga City) yasintha, ndimvekere mwina penapake ndaiwala ndiye property siikulengeza kuti yasintha, ndinaika ma breakpoint (malo oimitsira pulogalamu kuti uone zomwe zikuchitika) paliponse mpaka ndinayamba kukayikira kompyuta yomwe. Zonse zinali bwino. Chomwe sindinkadziwa nchakuti WhenAnyValue, chinthu chapakati pa unyolo chikakhala null (kutanthauza kuti palibe kalikonse pamenepo), siitumiza kalikonse, imangokhala duu kudikira kuti unyolo ulumikizanenso. Anaipanga dala choncho kuti isakuphulitsire NullReferenceException, error yomwe imabwera ukafuna kuwerenga za mkati mwa chinthu choti ndi null, ndipo chifundo chimenecho ndikuchiyamika, koma label yanga inkamva kukhala chete kumeneko ngati kuti palibe chasintha. Chondizunguza mutu kwambiri chinali chakuti City yeniyeniyo ikakhala null, null imafika bwinobwino label nkufufutika. Koma akasowa Address, zii. Ndiye nthawi zina zinkagwira nthawi zina ayi, ine nkumaona ngati ndalodzedwa.

Nzeru yanga yoyamba inali kuika ?. pakati paja, kachizindikiro kobweza null mmalo mophulitsa error, komwe kanabwera ndi C# 6 mu 2015. Compiler inandikanira pomwepo ndi CS8072, chifukwa lambda imeneyo, kachidutswa ka mkati mwa WhenAnyValue kaja, si code wamba, ndi expression tree yomwe library imaiwerenga kuti idziwe maina a ma property, ndipo mmenemo ?. saloledwa.

Tsiku lachiwiri madzulo madala wina wa pa timu, amene samayankhula zambiri, anasuzumira pa skrini panga nkunena kuti iwe mphwanga, usamamvetsere unyolo wonse nthawi imodzi, uziudula. Anandionetsa kuti uyambe wamvetsera Customer yekha, kenako mu Select, momwe umasankha choti ubweze, uone: ngati ali null bweza Observable.Return ya mawu opanda kanthu, ngati alipo mvetsera Address wake, nkuchitanso chimodzimodzi pa City. Mizere inachuluka, kukongola kuja kunatha, koma tsopano null inali ndi yankho lomwe ndasankha ndekha osati kungoti zii.

Atachoka ndinalakwitsanso, musaseke. Pomaliza paja pankafunika kuika Switch kuti zonse zilumikizane, koma mmalo mwake ndinaika Merge poganiza kuti nzofanana. Merge imasunga onse, ndiye kasitomala wakale uja ankamvekabe, wina akasintha mzinda wake label ya kasitomala watsopano nkusintha nayo. Switch ndi imene imasiya wakaleyo ikangolandira watsopano. Madala aja mmawa mwake anangosintha liwu limodzi limenelo osanena kanthu, ine manyazi.

Pambuyo pake nditamva kuti RxJava 2, library yofanana nayo ya chiyankhulo cha Java yomwe inatuluka mu 2016, inangoletseratu null mu ma stream ake, ndinati anthu amenewo zinawaonekerapo ngati ine. Ngakhale katswiri wa makompyuta Tony Hoare amene anabweretsa null reference mu 1965 anadzapepesa pagulu mu 2009.

Mayi wotesta uja anayesanso, mzinda unafufutika, anagwedeza mutu nkufunsa kuti nanga bwanji batani la Save likukhalabe loyaka kasitomala asanasankhidwe. Imeneyo ndi nkhani ya gawo 10.