Mmene ndinatengera pulogalamu ya munthu wina n'kuiyambitsanso

Pulogalamu yomwe ndikunenayi ndi ya masukulu a pulayiveti, yolembera fizi ndi kutumiza malisiti kwa makolo pa foni. Amene anaipanga anasamukira ku Johannesburg ndipo analibenso mpata woisamalira, choncho anandigulitsa. Ine ntchito yanga ndi kuyenda m'masukulu, za code, malemba omwe pulogalamu imapangidwira, sindizidziwa. Ndinalemba ntchito mtsikana wina wa ku Blantyre kuti aigwire.

Tinayambira pa makiyi. Pulogalamu imakhala m'malo ambiri nthawi imodzi, ndipo malo aliwonse analembetsedwa m'dzina la munthu. Code inali pa GitHub, webusaiti yosungirapo code, ndipo mwini wakaleyo anaisamutsira ku akaunti ya kampani yanga ndi mbiri yake yonse. Musavomere kungopatsidwa fayilo ya zip pa flash. Mbiri ija ndi imene imauza wobwera kumene chifukwa chomwe chinthu chinalembedwera mmene chililimo. Dzina la webusaiti linafuna nambala yachinsinsi ya EPP kuti lisamuke. Panalinso seva (kompyuta yomwe pulogalamu imagwirirapo ntchito pa intaneti), imelo yobwezeretsera ma password, akaunti yotumizira ma SMS, ndi chilolezo cholandirira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ndalama yomaliza ndinaigwira kaye mpaka zonsezi zitalowa m'dzina langa, ndipo tinasainirana kalata yoti umwini wa code wasamuka.

Pomwe mtima unali m'mwamba ndi pa Google Play, pomwe makolo amatsitsa app ya pa foni ya pulogalamuyi. Akaunti amatsegula ndi madola 25, kulipira kamodzi basi, ndipo posamutsa app amafunsa nambala za malipiro amenewo. Koma pali kafayilo kotchedwa keystore, komwe app ya Android imasainidwira. Kakatayika, app ili yosalembetsedwa ku Play App Signing (njira yoti Google ikusungireni kiyi yosainira app), update simungatulutsenso. Mumayamba app ina, ndipo kholo lililonse liyenera kuitsitsa mwatsopano. Tangoganizani kuimbira makolo a sukulu yonse kuti afufute yakale aike ina! Kathu kanapezeka pa laputopu yakale ya mwiniyo.

Mtsikana uja atatsegula code anandiuza kuti ndi bwino tingogwetsa zonse timange zatsopano. Ndinamumvetsa. Inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa PHP, mtundu wa 5.6, womwe unasiya kulandira zigamba za chitetezo kumapeto kwa 2018, ndipo ma password anasungidwa ndi MD5, njira yomwe akuba amaithyola mosavuta. Komabe ndinamupempha kuti ayambe waiwerenga. M'mizere yooneka yosokonekerayo munabisala malamulo a masukulu eniake: sukulu yolola kulipira fizi katatu pa teremu, kuchotsera makolo amene ali ndi ana awiri kapena atatu, mwana wolipiriridwa ndi mpingo amene lisiti lake silipita kwa kholo. Zimenezi sizinalembedwe papepala lililonse. Tikanayamba pachabe, tikanazidziwa tsiku lomwe kholo lakwiya pa windo la bursar.

Ndiye anakopera database, nkhokwe ya maina ndi malipiro onse, pa seva yoyeserera, nayamba kukweza pang'onopang'ono. Mawu akale a mu code olumikizira ku database, oyamba ndi mysql_, anachotsedwa mu PHP 7, choncho anawasintha limodzilimodzi ndi njira ina yotchedwa PDO mpaka tinafika pa PHP 8. Ma password tinawasamutsira ku njira yatsopano pamene munthu aliyense akulowa. Muli maina a ana ndi manambala a makolo mmenemo, ndipo Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, kotero apa sindinafune kuthamanga.

Tinayatsa yatsopano pa holide, kuyamba ndi sukulu imodzi, yakale ikugwirabe ntchito pambali. Backup, kope yosungira podzitetezera, tinaiyesa poibwezeretsa ndithu, osangoona kuti fayilo ilipo. Ndinakhala ndi bursar wa pasukuluyo tikufananitsa malisiti a teremu yathayo ndi buku lake la pamanja, ndipo zitagwirizana mpaka pa tambala, tinasamutsa masukulu enawo teremu isanatsegulidwe. Mtsikana uja tinagwirizana malipiro a mwezi ndi mwezi osamalira pulogalamuyi, ndipo chilichonse chomwe wasintha amachilemba mu fayilo ya README, yofotokoza za pulogalamuyi, pa GitHub pomwepo.