Njira ija yatsegulidwa, zikomo nonse

Abale ndi anzanga, njira ija ya oyenda pansi imene tinkamanga m'mbali mwa phiri yatsegulidwa dzulo. Miyendo ikadali yolemera ndipo mawu asasa, koma mtima sukundilola kugona ndisanathokoze. Ambuye alemekezeke. Mukudziwa kumene ndachokera. Ntchito ya muofesi ndinaisiya ndili munthu wamkulu kale, wa ana, n'kukakhala m'kalasi limodzi ndi achinyamata kuyamba landscape architecture, maphunziro okonza malo a panja monga mapaki ndi njira, kuchokera pansi. Za ngongole, za kuchezera pa kompyuta, za nthawi imene ndalama za polojekiti zinaima ntchito ili pakati, sindibwereza. Munazimva zikuchitika.

Mayi a kunyumba, munasenza banja nokha ine ndikujambula mapu. Ana anga, munasowa bambo madzulo ambiri. Mulungu akubwezereni zimene ine sindingathe kubweza.

Koma pali munthu mmodzi amene ndikangomuphatikiza ndi ena ndikhala ndamulakwira. Akapitawo athu, bambo a imvi aja amene dzulo anaima kumbuyo, akukana kubwera kutsogolo ngakhale tinawaitana mobwerezabwereza. Dzina sindilemba, sakonda zimenezo. Ndinafika pamalopo ndi mapepala ndi manambala, iwo anali ndi zaka zambiri akugwira dothi. Akanatha kundisiya ndizivutika ndekha, poti ambiri amatero akaona wobwera kumene kuchokera kusukulu. Tsiku lina mvula itatsika mwamphamvu, anthu onse atathawira m'galimoto, iwo anandigwira mkono n'kunditengera pa mtsetse kuti ndikaone kumene madzi akufuna kupita. Tinaima pamenepo titanyoweratu, iwo akuloza ndi ndodo timitsinje tofiira tikutsika pakati pa udzu, pomwe tikukumana, pomwe tayamba kale kudya nthaka. Atatero anazula zikhomo zingapo n'kuzikhomanso cham'mbali, chingwe chikupindika motsata phiri.

Kusukulu tinaphunzira kuti mdani wamkulu wa njira ya dothi ndi madzi. Tinaphunzira kuti njira yodutsa m'mbali mwa phiri isatsetsereke kupitirira theka la kutsetsereka kwa phirilo, apo ayi madzi amasiya kuidutsa, amayamba kuyenda m'menemo mpaka isanduke ngalande. Phiri likatsetsereka 20 peresenti, njira isapitirire 10. Pamwamba pake pazipendekera kunja pang'ono, ngati 5 peresenti, ndipo apa ndi apo njira izitsika n'kukweranso kuti madzi apeze potulukira. Zonsezi ndinali nazo m'kope. Akapitawo anali nazo m'maso ndi m'mapazi, ndipo sanandinyoze chifukwa cha kope langalo. Ankafunsa kuti buku likuti chiyani, ine n'kuwawerengera, iwo n'kundionetsa pansi pomwe nambalayo ikukhala. Chigawo cha kumunsi, pomwe tinafuna kuti njinga ya munthu waulumali idutse, tinalimbana nacho mpaka chifike pa mita 1 yokwera pa mamita 20 aliwonse. Anyamata atatopa n'kumanena kuti palibe adzaone kusiyana, bambo aja anatenga okha fosholo. Dzulo mtsikana wina wadutsa pamenepo pa njinga yake popanda womukankha, mpaka pa mlatho. Ndinatembenuka kuti ndiwaone akapitawo, ndinapeza akupukuta m'maso ndi chipewa.

Aphunzitsi anga, inunso zikomo. Pamene ndinabwera kudzakuuzani kuti mwina ndachedwa nayo ntchito imeneyi, munandikumbutsa za Frederick Law Olmsted, katswiri wa ntchito imeneyi wa ku America, amene anabadwa mu 1822, nayesa za panyanja, ulimi ndi utolankhani, ndipo pulani ya Central Park ku New York anapambana nayo pamodzi ndi Calvert Vaux mu 1858, zaka 30 atazidutsa kalekale. Pambuyo pake ndiye analumikiza mapaki a ku Boston kukhala mkanda umodzi wobiriwira, Emerald Necklace. Sindikudziyerekeza naye ayi. Koma tsiku limenelo ndinatuluka mu ofesi yanu nditasiya maganizo obwerera.

Anthu okhala m'mbali mwa njirayi, ntchitoyi ndi yanu. Amayi amene munayenda nafe kutionetsa tinjira timene mapazi anu anapanga kale, pomwe ana amadulira popita kusukulu, pomwe mumaopa kudutsa kukada chifukwa cha tchire, mzere wa njirayi munaujambula ndinu. Ngakhale High Line ya ku New York, paki yoyendamo anthu imene inatsegulidwa mu 2009 pa njanji yakale yomwe inkafuna kugwetsedwa, inapulumuka chifukwa anthu awiri okhala m'deralo anayambitsa gulu loiteteza mu 1999. Ndaona ndi maso anga kuti popanda eni dera katswiri amangotsala ndi pepala.

Ena munati ndasiya ntchito yabwino kukadzala maluwa. Ena mafoni anu anasiya kuyankhidwa nthawi imene ndalama zinaima. Zinandiwawa kwambiri, ndipo sindibisa, makamaka poti ena mwa inu tinakulira limodzi. Sindisunga mangawa. Njirayo ilibe geti, bwerani mudzayendemo ndi ana anu.

Ndibwererenso kwa akapitawo, poti chimodzi sindinanene. Miyezi imene malipiro sankabwera, iwo ankapitabe pamalopo m'mawa, bondo likuwavuta, kukachotsa zinyalala m'makalavati kuti zimene tinamanga zisakokoloke. Sanandiuze. Ndinamva kwa mlonda ntchito itayambiranso. Bambo, ndilibe choti ndikupatseni chofanana ndi zimenezi. Mulungu wakumwamba achize bondo lanulo, akupatseni moyo wautali, ndipo adzukulu anu adzapeze anthu owagwira mkono monga munandigwirira ine.

Ntchito siinathe. Mitengo imene tadzala ikufuna madzi mpaka igwire, ndipo amene munalembetsa kuthirira, a komiti akuimbirani sabata ino. Zikwangwani zina ndi mabenchi tikaika Lolemba. Mvula yoyamba ikagwa tidzayenda njira yonse kuona pomwe madzi akuima, ndipo mukaona malo akukumbika tiuzeni msanga asanakule. Gawo lachiwiri, lolowera kumtsinje, tiyamba kuyeza ndalama zikangotuluka. Bambo, pumani kaye, koma chonde foni muziyatsa. Sindikakhoma chikhomo ngakhale chimodzi kumeneko inu kulibe.