Nyimbo ya Snow White m'manja mwa oimba jazi

Mwezi uno phunziro langa la piyano lakhazikika pa nyimbo imodzi, "Someday My Prince Will Come". Anaipeka ndi Frank Churchill, ndipo inamveka koyamba mu 1937 m'filimu ya makatuni ya Disney, Snow White and the Seven Dwarfs, akuiimba Adriana Caselotti ndi timawu take tating'ono tonjenjemera.

Aphunzitsi anga anati ndisakhudze za jazi kufikira nditailoweza monga ilili m'filimumo. Ananena zoona. Munthu amene sakuidziwa nyimbo yoyambayo sangamve pamene woimba jazi wapatuka, ngakhale pamene wabwerera.

Nyimboyi imayenda mogunda katatu, pomwe jazi wambiri amagunda kanayi. Woimba piyano Dave Brubeck anaiika pa chimbale chake cha nyimbo za Disney mu 1957. Bill Evans, woimbanso piyano, anaijambula mu 1959, Scott LaFaro ali pa bezi (choimbira chachikulu cha zingwe cha mawu apansi), ndipo bezi yake sikhalira kusunga nthawi basi, imayankhana ndi piyano.

Koma yomwe yandigwira mtima ndi ya Miles Davis ya mu 1961. Woimba bezi Paul Chambers amayamba ndi kugogoda noti imodzi yokha, F, mobwerezabwereza, moti umachita kudikira kuti nyimbo iyamba liti. Kenako Miles amalowa ndi lipenga lotsekedwa kukamwa, mawu ake opyapyala ngati akukunong'oneza m'khutu. Nyimboyo saisintha kwambiri ayi. Amangochedwetsa noti ina, ina n'kuisiya osaiimba, ndipo m'mipata imeneyo khutu lako limadzaza lokha zimene likukumbukira za m'filimu. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake aphunzitsi anaumirira zoloweza.

Hank Mobley amatsatira modekha pa saksofoni. Chakumapeto kumabwera John Coltrane, woimbanso saksofoni, amene anali atachoka kale m'gulu la Miles ndipo tsikulo anangobwera ngati mlendo. Iye amakhuthula manoti osawerengeka, koma makodi ake (magulu a manoti omveka pamodzi) ndi omwe aja a nyimboyo. Ambiri amatama gawo limeneli, n'zoyenera ndithu, komabe ine ndimabwerera kwa Miles, chifukwa kukhala chete pa nthawi yake kukundivuta kuposa kuthamangitsa zala.

Panopa ndikuyeseza chonchi: dzanja lamanzere ligogode F yekhayo katatu katatu, lamanja liimbe nyimbo, koma mzere uliwonse ndichotsepo noti imodzi. Ndikachotsa yolakwika nyimbo imagwa nthawi yomweyo. Sabata yamawa tiyamba makodi a Evans.