Loweruka lofunafuna galamafoni

Lero amalume andiperekeza kukaona magalamafoni awiri omwe akugulitsidwa. Ndinawatenga ku Mufakose dzuwa lisanakwere, poti kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare sikufuna munthu woyenda masana. Ndinawapeza atakonzeka kale, jekete pathupi, m'thumba muli sikuludiraiva yaing'ono, galasi lokulitsa zinthu ndi kalevulo. Unyamata wawo wonse unathera pa ntchito yokonza mawailesi ku mgodi, ndiye makutu ndi zala zawo ndimazikhulupirira kuposa zolembedwa pa katoni.

Ine ndinanyamula mbale za galamafoni, chifukwa ulendo wonsewu mwini wake ndi mbalezo. Agogo aamuna anabwera kuno kuchokera ku Dedza m'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Bambo atayamba ntchito anagula wailesi yaikulu ya Supersonic yokhala ndi galamafoni pamwamba, zija zinkapangidwa ku Bulawayo, ndipo malipiro akatuluka sankabwera kunyumba opanda mbale yatsopano. Zambiri mwa zomwe anatisiyira ndi zing'onozing'ono za 45 (zozungulira ka 45 pa mphindi), za makampani a Gramma ndi Teal: sungura, rumba, nyimbo za ana a m'mafamu ndi m'migodi omwe ankaponyamo Chichewa pakati pa Chishona. Ma LP, mbale zazikulu zija zozungulira ka 33 pa mphindi, alipo koma ndi ochepa. Palinso za 78 zingapo za agogo, zolemera, zosachedwa kusweka. Wailesi ija inafa kalekale, ndipo ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndigule makina abwino enieni, oti ndidzakalambe nawo.

Tinayambira ku Avondale. Misewu yonse yafiirira ndi maluwa a jakaranda ogwa pansi. Banja lina likusamuka ndipo likugulitsa katundu, pakati pake pali galamafoni ya Linn Sondek LP12. Okonda mbale amalitchula mwaulemu dzina limeneli. Inayamba kupangidwa ku Glasgow kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mwini kampaniyo, Ivor Tiefenbrun, ankalimbikira kunena kuti chofunika koposa si masipika koma chomwe chikuzunguza mbale, chifukwa mawu akatayikira pamenepo palibe ampulifaya yomwe ingawabweze. Mkono ndi chitsulo chozungulira zimakhala pa chimango cham'kati chomwe chimalendewera pa masipuling'i atatu, mota ili payokha, mphamvu imadutsa pa lamba wa labala. Anachita dala kuti kunjenjemera kwa mota ndi kwa chipinda kusafike pa singano. Amalume anakankha pang'ono pakati ndi chala. Chinatsika n'kukwera mowongoka, osapendekera mbali, iwo n'kugwedeza mutu kuti amene anachikonza komaliza ankaidziwa ntchito yake.

Tinaika LP ya kwaya. Ndinene zoona, sindinamvepo mbale imeneyo ikuimba chonchi. Amuna a besi anaima kumbuyo paokha, amayi kutsogolo, ndipo woyambitsa nyimbo ankamveka mpaka pokoka mpweya. Amalume anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Tinamvera mbali yonse osayankhulana.

Kenako ndinatulutsa ya 45. Apa mwini wake anayamba kufufuza m'madirowa. Galamafoni yake ili ndi bolodi la magetsi lotchedwa Valhalla, la m'zaka za m'ma 1980, lomwe limazunguza pa 33 pokha. Ukafuna 45 uyenera kunyamula chitsulo chapamwamba, kuveka kamphete pa mota, kubwezera lamba bwinobwino, kenako kuvindikiranso. Kamphete kanapezeka, mbale inaimba bwino ndithu, koma ine mtima unali utayamba kale kubwerera. Kwathu alendo akabwera Loweruka madzulo, wina amapempha sungura, wina kwaya, wina abwererenso ku rumba. Kodi ndizingovula ndi kuveka chitsulo usiku wonse? Linn inatulutsa bokosi lina la magetsi, Lingo, mu 1990, lomwe limasintha liwiro ndi batani, koma imeneyo ndi ndalama ina yapadera. Za 78 ndiye iwalani.

Amalume anafunsa kuti ma capacitor, tizida tosunga magetsi ta pa bolodilo, anasinthidwa liti. Mwini wake sanakumbuke. Tili panja anandikokera pambali.

"Mphwanga, chinthu ichi n'chabwino, usachinyoze. Koma bolodi lija limakhala pamoto nthawi yonse pulagi ikakhala kukhoma, ndipo ukudziwa mmene magetsi athu amabwerera akathima. Masipuling'i ajanso akasokonekera amafuna munthu wozolowera, wokhala ndi choimikira chake kuti azigwira ali pansi pake. Ine maso atha. Ndikapita, udzapita nacho kwa ndani?"

Funso limenelo ndi lomwe latsogolera tsiku lonse. Makinawo alibe mlandu. Anapangidwira nyumba yomwe magetsi sathima, m'tauni momwe wokonza ali pafupi, kwa munthu amene mbale zake zambiri ndi ma LP. Ine si munthu ameneyo.

Tinadya nsima ya nyama ya mbuzi m'tauni. Pakudyapo ndinawaonetsa pafoni magalamafoni a Rega, kampani yomwe Roy Gandy anayambitsa mu 1973 ku England. Nzeru yawo ndi ina: m'malo mwa kulemera ndi masipuling'i, amapanga thupi lopepuka koma louma gwa, n'kuika luso lalikulu pa mkono. Planar 6 imabwera ndi kabokosi ka magetsi kotchedwa Neo kosinthira 33 ndi 45. Za Rega zotsika mtengo zimadalira magetsi a kukhoma kuti zisunge liwiro, ndipo apa pali nkhani kwa ife. Mota zoterozo zimatsatira ma 50 Hz a magetsi. Jenereta ikalemedwa n'kutsika, nyimbonso imatsika nayo mawu. Komanso ndikanafuna Rega ndikanaitanitsa ku Johannesburg, idutse pa Beitbridge, ndilipire msonkho, ndisanaimve n'komwe. Amalume anangoti chinthu cha makutu sagula ndi maso, n'kupitiriza kudya.

Masana tinafika ku Hatfield. Wogulitsa wa kumeneko ndi mnyamata woimbitsa nyimbo m'maukwati, makolo ake ndi a ku Mangochi, ndipo atamva tikuyankhula anasiya Chishona n'kulonjera amalume ndi manja awiri. Magetsi kunalibe chiyambire m'mawa, nyumba ikuyendera sola ndi inveta. Ndinakondwa, chifukwa umu ndi mmene galamafoniyo izikhalira kwathu masiku ambiri.

Akugulitsa Technics SL-1200G. Anthu ambiri akaona mtundu umenewu amaganiza za m'madansi basi, koma mbiri yake si imeneyo yokha. Technics, ya kampani ya Matsushita yomwe lero ndi Panasonic, inatulutsa SP-10 mu 1970, yopanda lamba, mota ikuzunguza chitsulo mwachindunji. SL-1200 inabwera mu 1972 ngati galamafoni ya m'nyumba, ndipo oimbitsa nyimbo anaikonda pambuyo pake ataona kuti siifa. MK2 ya 1979 inabwera ndi quartz yogwira liwiro. Anasiya kupanga mu 2010, n'kuyambiranso mu 2016 ndi G imeneyi, yomwe inatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 4,000 a ku America. Mota yake ndi yatsopano, mkono ndi wa magnesium, chitsulo chozungulira chili ndi zigawo zitatu: brass pamwamba, aluminiyamu pakati, labala pansi. Yonse imalemera makilogalamu 18. Mnyamatayo akuti sanapite nayo ku ukwati ngakhale umodzi, inali ya pabalaza, ndipo akuigulitsa kuti amalize nyumba.

Amalume sanafulumire kumvera. Anayamba ndi kumbuyo, kuwerenga kachikwangwani ka magetsi, chifukwa zina zimachokera ku Japan komwe amagwiritsa mavolti 100, kapena ku America kwa 120, pamene ife tili pa 220 mpaka 240. Iyi ndi ya magetsi athu. Anafunsa ngati invetayo ndi ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a kukhoma, poti zotchipa zija zimalowetsa phokoso m'masipika. Anaika kalevulo pamwamba, n'kupotokola miyendo mpaka kathovu kataima pakati. Kenako anamasula cholemera cha kumbuyo kwa mkono mpaka mkonowo utayandama, n'kuuuzira mpweya pang'ono chabe. Unayenda mosakodwa paliponse. Anaugwira ndi zala ziwiri kufuna kumva ngati ukugwedera pa maberingi, osamva kanthu. Atayatsa, timadontho ta m'mphepete mwa chitsulo tinaima nji pa kuwala kwake, pa 33 ndi pa 45 pomwe. Ukadina mabatani awiriwo pamodzi imathamanga 78.

Tinaikanso kwaya ija. Amalume akuti ya ku Avondale inali yokoma kuposa iyi, yofewa m'makutu, ndipo sindikutsutsa kwenikweni, ngakhale masipika ndi zipinda zinali zosiyana moti kuyerekeza n'kovuta. Chomwe ndinamva ine ndi china. Pomwe oimba akokera mawu omaliza kwa nthawi yaitali, mawuwo anaima osagwedezeka ngakhale pang'ono. Titaika sungura, gitala ya besi yothamanga ija inamveka chingwe chilichonse pachokha, ng'oma osaphimbika. Mnyamata uja anayamba kupondaponda pansi. Singano sinadumphe.

Tinakhalitsa pa nkhani ya singano, ndipo apa ndi pomwe ndaphunzira zambiri lero. Mbale za bambo zinaimbidwa zaka zambiri ndi mkono wolemera wa wailesi ija, nthawi zina ataikapo kandalama pamwamba kuti usadumphe, ndiye singano inkalima mizere ngati khasu. Mbale zoterozo sungaziikire singano ya mtengo wapatali tsiku ndi tsiku. Ubwino wa mkono wa Technics ndi wakuti mutu wake umachoka ukangopotokola kamodzi, choncho ukhoza kukhala ndi mitu iwiri kapena itatu. Pa kachida kogwira singano ka kumutuko ndasankha kuyamba ndi Audio-Technica VM95, chifukwa thupi lake ndi limodzi koma singano zimasinthika: yobulungira ya mbale zotopa, ya ML yosongoka bwino ya ma LP osamalika yomwe opanga ake amati imafika maola 1,000, ndi ina yokulirapo ya 78, poti mizere ya 78 ndi yotakata. Kupatula ya 78, singanozi zimafuna kulemera kwa magalamu 2 okha. Amalume akuti nthawi zina singano ya ML imafika pansi pa mzere pomwe zakale zija sizinakhudze, mbale yotopa n'kumveka ngati yatsitsimuka, ndiye tidzayesa imodziimodzi.

Mnyamatayo anandinyengerera kuti nditengenso Denon DL-103 yomwe ali nayo, kachida kena kogwira singano ka mtundu wotchedwa MC, komwe kanapangidwira nyumba zoulutsira mawu ku Japan m'zaka za m'ma 1960. Ndakana kaye. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, 0.3 mV, pamene za mtundu wa MM, monga VM95 ija, zimatulutsa pafupifupi 4 kapena 5, ndiye imafuna phono stage yake yabwino, kabokosi kokweza mphamvuyo isanafike ku ampulifaya. Ampulifaya yanga ili ndi polowera pa MM pokha. Komanso singano ya MC ikatha sungaizule wekha, uyenera kutumiza kunja kapena kugula ina yonse. Kunyumba kuli ana, ndipo zala za ana zimakonda kanthu kowala.

Pa mtengo tinakambirana mwaulemu, amalume ndiwo ankayankhula. Mnyamatayo anatsitsa pang'ono n'kuwonjezerapo mutu wina wa mkono ndi katoni yake yeniyeni. Ndasiya theka la ndalama. Sindinafune kuinyamula pa kombi. Alamu anga abwera ndi galimoto Lachitatu, ndipo amalume alamula kuti chitsulo chozungulira ndi cholemera cha mkono zichotsedwe n'kukulungidwa pazokha, mkono umangidwe, chifukwa maenje a mumsewu ndi omwe amapha maberingi.

Pobwerera tinadzera ku Glen View kwa akalipentala. Ndawauza andipangire tebulo lalifupi la matabwa olemera, la miyendo yosagwedera, ndi mashelefu oti mbale ziziima chilili, chifukwa zikasanjikizana m'kutentha kuno zimapindika. Pansi pathu ndi pa simenti, zomwe amalume akuti n'zabwino kuposa matabwa. Tebulolo likhala kukhoma lakum'mwera, kutali ndi zenera ndi masipika, ndipo pulagi idutsira pa chotetezera magetsi akabwera mwaukali.

Atatsika ku Mufakose anandiuza kuti singano yatsopano isakhudze mbale ngakhale imodzi yosatsuka. Fumbi la chilimwe lino lalowa m'mizere, ndipo madzi a pachitsime chathu amasiya mchere akauma. Ndagula madzi opanda mchere aja othira m'mabatire ndi kabulashi kofewa. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndiyamba ndi katoni ya ma 45, ndipo mwana wanga wamkulu wavomera kulemba mayina ake m'kope pamene ine ndikutsuka.